Chithunzi Chooneka Bwino ndi Mboni ya Chitukuko: Kagwiritsidwe Ntchito ka Galasi Lokuza pa Sikirini ya Kamera

Masiku ano makomiti a chitukuko m'mawodi a boma lathu la Phalombe sadalira kufotokoza ndi pakamwa pokha. Ntchito yomanga mlatho ikaima, chipupa cha kalasi yatsopano chikang'aluka, mjigo ukasiya kutulutsa madzi, kapena mbozi zikalowa m'minda ya chimanga, alangizi ndi ogwira ntchito ku khonsolo amayamba ndi kufunsa ngati pali chithunzi. Chifukwa chake n'chodziwikiratu. Mawu amasintha akamadutsa m'makutu ambiri, pamene chithunzi chimafika ku boma chili momwe chidachokera kumudzi.

Vuto ndi lakuti zithunzi zambiri zimene zimajambulidwa panja masana zimatuluka zachimbuuzi, zopendekeka, kapena zitadula mbali yeniyeni imene inkafunika kuoneka. Wojambula amazindikira izi atafika kale kunyumba, kapena lipoti likuwerengedwa pa msonkhano wa ADC. Kuti munthu abwerere ku Nkhulambe kapena ku Chiringa kukajambulanso pamafunika ndalama yoyendera ndi tsiku lathunthu, ndipo nthawi zina pofikako amapeza mng'alu uja atauphimba ndi pulasitala. Nkhani ino ikufotokoza za kachipangizo kamodzi kamene kamachepetsa vutoli, momwe kamagwirira ntchito, ngozi zake, ndi momwe munthu angadzipangire kake.

Chifukwa chake sikirini sioneka padzuwa

Kumbuyo kwa kamera za makono kuli sikirini, kagalasi kamene kamaonetsa chimene kamera ikuona. Pa makamera ambiri sikiriniyi imakhala ya mainchesi 3 mukaiyeza kuchokera ngodya ina kufika ngodya yopingasa, omwe ndi masentimita pafupifupi 7 ndi theka. Imawala chifukwa cha timagetsi ting'onoting'ono tomwe tili kuseri kwake. M'nyumba kuwalako n'kokwanira, koma dzuwa la masana limawala koposa ka 100 poyerekeza ndi kuwala kwa mu ofesi. Likagwera pa sikirini, galasi lake limasanduka kalilole, ndipo wojambula amangoona nkhope yake ndi mitambo.

Kwathu kuno vutoli n'lalikulu chifukwa dzuwa limadutsa paliwombo penipeni kawiri pachaka, kumayambiriro a Novembala ndi kumayambiriro a Febuluwale. M'chigwa cha Phalombe, kuchokera ku Migowi kutsikira cha ku nyanja ya Chilwa, mthunzi ndi wosowa, ndipo ntchito zambiri zachitukuko zimayenderedwa pakati pa 10 koloko m'mawa ndi 3 koloko masana, nthawi imene dzuwa limakhala lili phwee.

Pali vuto linanso lokhudza maso. Munthu akapitirira zaka 40, diso limayamba kulephera kuona bwino zinthu zapafupi, n'chifukwa chake akuluakulu amatalikitsa Baibulo kapena nyuzipepala powerenga. Ambiri mwa amene ali m'makomiti a VDC ndi ADC ndi amsinkhu umenewu. Akatalikitsa kamera kuti aone sikirini, chithunzi chimawachepera, manja amanjenjemera, ndipo sangadziwe ngati chimene ajambula chalunjika.

Galasi lokuza ndi chiyani

Chipangizo chimene tikunenachi amalonda amachitcha loupe. Ndi kabokosi kakuda kopanda kanthu mkati, kotambalala mbali imodzi kuti kaphimbe sikirini yonse, ndipo mbali inayo kali ndi galasi lokuza zinthu ndi mphira wofewa pomwe munthu amagunditsa diso. Kamagwira ntchito zitatu. Kamatchinga dzuwa kuti lisafike pa sikirini. Kamakuza chithunzi, kawirikawiri kawiri ndi theka kapena katatu. Ndipo chifukwa galasilo limachititsa kuti sikirini ioneke ngati ili patali, diso la munthu wachikulire limaiona mosavutika ngakhale ili pafupi ndi mphuno. Magalasi ena ali ndi kamkombero kopotokola kuti aliyense akonze mogwirizana ndi diso lake. Makampani monga Hoodman ndi Zacuto a ku America ndiwo adatchuka popanga zipangizozi, koma lero ziliponso zotsika mtengo za makampani ena.

Nzeru imeneyi si yachilendo. Makamera akale a bokosi ankaonetsa chithunzi pa galasi lakumbuyo mozimiririka kwambiri, moti wojambula ankafunda nsalu yakuda kumutu n'kusuzumira ndi kagalasi kokuza kuti aone ngati nkhope za anthu zalunjika. Umu ndi momwe ntchitoyi inkagwiridwira kawirikawiri m'masiku a Mungo Murray Chisuse wa ku Blantyre Mission, yemwe adajambula zithunzi za M'busa John Chilembwe ndi banja lake. Nkhope imene timaidziwa lero, ya munthu amene chipatala chathu chachikulu cha boma ku Migowi chidatenga dzina lake, idatifikira chifukwa cha ojambula amene ankaonetsetsa ntchito yawo asanadine. Kabokosi ka lero kalowa m'malo mwa nsalu ija.

Vuto la sikirini yopendekeka

Makamera ena ali ndi sikirini yomatirira kumbuyo, yosasuntha. Ena ali ndi sikirini ya mahinjesi: ina imapendekera m'mwamba ndi pansi pokha, ina imatsegukira chakumbali ngati chitseko n'kumazungulira. Sikirini yotereyi ndi yothandiza zedi pa ntchito zathu. Pojambula mkati mwa kalavati, pansi pa mlatho, maziko a nyumba kapena mbewu yomera kumene, kamera imatsitsidwa pafupi ndi nthaka, sikirini n'kuloza kumwamba, ndipo wojambula safunika kugona m'matope. Koma sikirini ikaloza kumwamba ndiye kuti yayang'anizana ndi dzuwa, ndipo apa m'pamene galasi lokuza limafunikira kwambiri.

Chovuta n'chakuti magalasi ambiri adapangidwira sikirini yosasuntha. Mahinjesi ndi timiyendo topyapyala, ndipo mkati mwake mumadutsa kawaya kosalala ngati pepala kamene kamatumiza chithunzi ku sikirini. Kawayako kakaduka, sikirini imazima, ndipo mmisiri wokonza makamera sapezeka pafupi. Mwina mpaka ku Limbe kapena ku Blantyre. Choncho njira yomangirira galasilo iyenera kusankhidwa mosamala. Njira zake zilipo zinayi.

Yoyamba ndi ya chingwe cha m'khosi. Galasi limalendewera pachifuwa, ndipo likafunika munthu amaligunditsa pa sikirini ndi dzanja lamanzere. Njirayi silemetsa mahinjesi, imagwira pa sikirini yamtundu uliwonse, ndipo galasi limodzi lingathe kutumikira makamera angapo. Kuipa kwake n'kwakuti dzanja limodzi limatanganidwa, motero ndi yoyenera kwambiri poonetsetsa chithunzi chimene chajambulidwa kale.

Yachiwiri ndi ya kafelemu komata m'mphepete mwa sikirini, kamene galasi limakolekedwapo ndi timano kapena maginito. Galasi limapendekera limodzi ndi sikirini, koma kulemera kwake konse kumakhala pa mahinjesi. Komanso guluu amafewa kukatentha ngati mu Okutobala, ndipo pa sikirini yotsegukira chakumbali kafelemuko kangalepheretse kuitseka choyang'ana mkati.

Yachitatu ndi ya kachitsulo komangirira kunsi kwa kamera, pa kabowo ka mazinga pamene pamalowa choimikira cha miyendo itatu. Njirayi ndi yolimba kuposa zonse chifukwa kulemera kumapita pa thupi la kamera. Koma nthawi zambiri galasi limaima chilili kumbuyo, motero sikirini singapendekenso. Phindu la mahinjesi limatayika. Pa makamera ena kachitsuloko kamatsekanso pakhomo pa batire.

Yachinayi ndi ya malamba a mphira okulunga sikirini. Ndi yosavuta kuika ndi kuchotsa, koma mphirayo azungulire sikirini yokha, asakoke mahinjesi kapena kupana kawaya kaja.

Kwa komiti kapena ofesi imene ili ndi kamera imodzi yogwiritsa ntchito anthu ambiri, njira ya chingwe cha m'khosi ndiyo yotetezeka. Musanagule, yezani sikirini yanu, chifukwa galasi la mainchesi 3 limabisa m'mphepete mwa sikirini ya mainchesi 3.2.

Kagwiritsidwe ntchito kake

Yambani ndi kukonza galasi kuti ligwirizane ndi diso lanu. Tsegulani tsamba la zolembedwa za kamera, ikani galasi pa sikirini, ndipo potokolani kamkombero mpaka zilembo zioneke zakuthwa. Gwiritsani ntchito zilembo osati chithunzi, chifukwa chithunzicho chingakhale chachimbuuzi pachokha n'kukusokonezani. Munthu wina akabwereka kamera, naye akonzenso.

Pendeketsani sikirini musanaike galasi, ndipo muigwire m'mbali mwake. Osakoka galasi ngati chogwirira. Sikirini ikaloza kumwamba, ikani zala ziwiri kunsi kwake kuti mutu wanu ukagunda mphira, kulemerako kuthere m'dzanja lanu. Diso lingokhudza mphira, lisakanikize.

Jambulani, kenaka dinani batani loonetsa chithunzi, n'kuchikuza ndi batani la kamera lomwe mpaka muone kachigawo kamene mukufuna. Apa m'pofunika kumvetsa bwino. Galasi limangokuza sikirini, silionjezera kanthu pa chithunzi. Sikirini zambiri zili ndi timadontho pafupifupi miliyoni imodzi, pamene chithunzi cha kamera ya makono chimakhala ndi timadontho mamiliyoni 20 kapena kuposa. Chithunzi chathunthu chikhoza kuoneka bwino pa sikirini koma chili chachimbuuzi. Mukachikuza ndi batani m'pamene choonadi chimaoneka. Kuona maso a nkhono n'kudekha: mphindi imodzi yoonetsetsa imapulumutsa ulendo wa tsiku lonse.

Ngati sikirini yanu imazima mukaika galasi, musaganize kuti kamera yawonongeka. Makamera ena ali ndi kadiso pafupi ndi posuzumira kamene kamazimitsa sikirini chinthu chikayandikira. Mungathe kukathimitsa pa tsamba la zosankha. Kumbukiraninso kuti sikirini yodina ndi chala imakhala yophimbika, choncho phunzirani kugwiritsa ntchito mabatani. Ubwino wina ndi wakuti simufunikanso kukweza kuwala kwa sikirini, ndipo batire limakhalitsa, zomwe ndi zofunika kumadera kumene magetsi ali kutali.

Ngozi zoyenera kupewa

Ambiri tikukumbukira momwe ana a sukulu amayatsira pepala ndi galasi lokuza. Galasi la pa kamera limachitanso chimodzimodzi. Likasiyidwa pa sikirini litaloza kumwamba, limasonkhanitsa kuwala kwa dzuwa pa kadontho kamodzi, ndipo m'kanthawi kochepa sikirini imapsa n'kukhala ndi banga losachoka. Ngoziyi ndi yaikulu pa sikirini yopendekeka chifukwa galasi limakhala litayang'ana kale kumwamba. Mukangochotsa diso, phimbani galasi ndi chivindikiro chake kapena chikhato, apo ayi lichotseni. Musayang'ane dzuwa kudzera m'galasi, ndipo musalisiye pa udzu wouma, pa mpando wa galimoto kapena m'manja mwa ana.

M'miyezi ya Juni ndi Julayi, chiperoni chikatsika m'phiri la Mulanje, galasi limachita nthunzi likayandikira nkhope yofunda. Lisungeni m'thumba la malaya kuti lifunde, ndipo lipukuteni ndi kansalu kofewa. Nthawi ya fumbi, yambani mwauzira mchenga musanapukute, chifukwa mchenga umakanda galasi.

Chinanso n'chakuti diso likakhala m'kabokosi, munthu saona pamene akuponda. M'mbali mwa mitsinje monga Phalombe ndi Sombani nthawi ya dzinja, kapena pa mlatho wogumuka, imani kaye pamalo olimba musanasuzumire, ndipo mnzanu aime pafupi.

Kudzipangira galasi lanu

Zipangizozi sizipezeka wamba m'masitolo a kwathu kuno, koma munthu angathe kupanga chake ndi katoni yolimba, tepi wakuda ndi galasi lokuza longa lija la m'makalasi a sayansi. Choyamba yezani mphamvu ya galasilo. Ligwireni padzuwa pamwamba pa dothi lopanda udzu, mulikweze ndi kulitsitsa mpaka kuwala kusanduke kadontho kakang'ono kwambiri, ndipo muyeze mtunda wochokera pa galasi kufika pansi. Galasi limene mtunda wake ndi masentimita 10 limakuza kawiri ndi theka; la masentimita 12 limakuza pafupifupi kawiri. Amenewa ndiwo oyenera sikirini ya mainchesi 3. Galasi lamphamvu kuposa apa limapotoza m'mphepete mwa chithunzi.

Dulani katoni kuti ikhale kabokosi kotambalala kunsi molingana ndi sikirini, kopanikiza kumwamba molingana ndi galasi. Kutalika kwake kuchepere pang'ono, mwina ndi sentimita imodzi, poyerekeza ndi mtunda munayeza uja. Musanamate, yesani kusuntha galasi mpaka zilembo zioneke bwino. Mkati mupakemo utoto wakuda wosanyezimira kapena mumatemo nsalu yakuda, ndipo m'mphepete mwa kunsi muikemo kansalu kofewa kuti sikirini isakandike.

Ngati galasi lotere lasowa, magalasi owerengera amene amagulitsidwa m'misika angathandize. Limodzi palokha ndi lofooka, koma awiri olembedwa +3.5 akasanjikizidwa amapereka mtunda wa masentimita pafupifupi 14. Ngakhale kabokosi kopanda galasi konse kamathandiza, pakuti theka la vuto ndi dzuwa. Onse amene amajambula ndi foni angathe kupanga kabokosi kofanana ndi foni yawo, kapena kungofunda chitenje chakuda kumutu poonetsetsa chithunzi, monga ankachitira ojambula akale.

Chithunzi chimene chingathandize wodi yanu

Galasi limangothandiza kuona. Chofunika kujambula amasankha ndi munthu. Tiyerekeze kuti komiti yapeza mng'alu pa chipupa cha kalasi yomangidwa ndi ndalama za CDF kapena za thumba la chitukuko cha boma, ndipo kontilakita sadalandire malipiro omaliza. Pafunika zithunzi zitatu. Choyamba chionetse nyumba yonse ndi chizindikiro cha malowo, monga chikwangwani cha ntchito kapena phiri la Michesi kumbuyo, kuti wina asadzanene kuti ndi kwina. Chachiwiri chionetse chipupa chonse ndi pamene mng'alu wayambira ndi pamene wathera. Chachitatu chikhale chapafupi, mutaika rula kapena bokosi la machesi pambali pa mng'alu kuti kukula kwake kudziwike. Chachitatuchi ndicho chimalephereka kawirikawiri, chifukwa kamera ikayandikira chinthu, malo olunjika amachepa kwambiri. Ndicho choyenera kuonetsetsa ndi galasi musanachoke.

N'chimodzimodzi m'munda. Mbozi ya ntchemberezandonda yachilendo, imene idafika m'dziko muno m'nyengo ya ulimi ya 2016 mpaka 2017, imadziwika ndi chizindikiro chonga chilembo cha Y chozondoka pamutu pake ndi timadontho tinayi takuda chakumchira. Mlangizi wa zaulimi sangaisiyanitse ndi mbozi zina ngati chithunzi chili mbuu. Galasi lomwelo, mukalichotsa pa kamera, mungathe kuyang'anira mboziyo kapena tizilombo ta pa nandolo ndi mpendadzuwa.

Onetsetsaninso kuti tsiku ndi nthawi za mu kamera n'zolondola, pakuti kamera imazilemba mkati mwa chithunzi chilichonse. Sungani chithunzi choyambirira, chifukwa chotumizidwa pa WhatsApp mwachizolowezi chimachepetsedwa ndipo tinthu ting'onoting'ono timazimirira. Pojambula anthu, pemphani chilolezo, makamaka kwa odwala, kwa ana kudzera mwa makolo awo, ndi kwa amene agweredwa ngozi. Dziwitsaninso mfumu ya deralo ndi khansala wanu, ndipo zithunzi ziyende ndi lipoti lolembedwa kudzera ku VDC ndi ADC mpaka ku khonsolo.

Boma lathu likudziwa kufunika kwa umboni wotere. Mu Marichi 1991 napolo adatsika m'phiri la Michesi n'kukokolola midzi, ndipo mu Marichi 2023 namondwe wa Freddy adagumula misewu, milatho ndi nyumba, makamaka m'dera la Mfumu Yaikulu Nkhulambe. Ngozi yotere ikachitika, othandiza sangafike paliponse tsiku limodzi, ndipo chimene chimayamba kufika kwa iwo ndi uthenga ndi zithunzi za anthu a m'deralo. Mvula isanayambe, makomiti ajambule milatho, makalavati, ngalande ndi makoma otchinga madzi a m'wodi mwawo momwe alili lero, aonetsetse kuti zithunzizo zatuluka bwino, ndipo azisunge kwa mlembi wa komiti. Tsiku likadzafika lofunsa kuti chawonongeka n'chiyani ndipo chinali chotani, yankho lidzakhala lili m'manja.